Ndani waonera filimu ya Rodriguez, woimba uja ankati anafa kalekale?

Wapenti_ku_Parow

Abale anga pagulu pano, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Sabata yathayi timapenta nyumba ya mzungu wina wachikulire kuno ku Cape Town, ndiye mkuluyu tsiku lonse amangoliza chimbale chimodzimodzi pa galamafoni, mbale zakuda zakale zija. Woimbayo mawu ake ngati wakhala nawe pamkeka akukuuza nkhani, gitala naye wosasokosa. Pofika tsiku lachitatu ndinangozindikira ndikuimbira mluzu ndili pamakwerero, bulashi ili m'manja. Nditatsika ndinafunsa kuti bwana, akuimbayu ndani? Anandiyang'ana ngati ndafunsa komwe kuli Table Mountain. Akuti Rodriguez! Poweruka anandibwereka DVD ya Searching for Sugar Man, ndipo ndaonera kawiri, Loweruka ndi Lamulungu.

Kwa amene simunaione, nkhani yake ili chonchi. Sixto Rodriguez anali mwana wa anthu ochokera ku Mexico, anabadwira ku Detroit mu 1942. Anatulutsa zimbale ziwiri, Cold Fact mu 1970 ndi Coming from Reality mu 1971, koma kwawo ku America sizinagulidwe. Kampani inamutaya, iye n'kubwerera ku maganyu ogumula ndi kukonza nyumba zakale. Osadziwa kuti kuno ku Joni nyimbo zakezo zafala m'nyumba za anthu ngati moto wa tchire. Anthu kuno ankakhulupirira kuti anadzipha pa siteji, ena amati anadziwotcha, ena amati anadziwombera. Mpaka anthu awiri, Stephen Segerman ndi mtolankhani Craig Bartholomew Strydom, anayamba kufufuza kuti munthuyu anafa bwanji kwenikweni, n'kumupeza ali moyo, akusenza zinyalala za nyumba zogumuka. Mu March 1998 anabwera kudzaimba ku Bellville Velodrome. Abale, holo imeneyi ndimaidutsa pa minibasi popita ku Tyger Valley! Sindinkadziwa kuti munachitika zoterezi.

Sindichita manyazi, ndinalira. Amene munaonera, mukuti bwanji?

Nangozo_Zomba

Achimwene mwachedwa nayo, ife tinalira kalekale kkkk. Pomwe panandigwira ine ndi paja akutsika ndege ndi ana ake aakazi, n'kuona magalimoto ataliatali aima pabwalo, iwo n'kumapatuka kuti asatsekereze anthu ofunika. Osadziwa kuti anthu ofunikawo ndi iwo omwe.

Wapenti_ku_Parow

Eee achemwali, pamenepo! Nanga paja oimba bezi ayamba kuliza I Wonder, anthu n'kungokuwa osalekeza, munthu asanatsegule n'komwe pakamwa? Kenako iye n'kungowathokoza kuti amusunga wamoyo. Thupi lonse linachita tsembwe.

Mphunzitsi_Wopuma

Ana anga, ndisakuonongereni chisangalalo, koma filimu imeneyi ine ndili nayo ndi mangawa. Ndinaikonda nditangoiona, monga inu. Kenako nditawerenga zambiri za munthuyu ndinamva ngati wina wandibera chenji pamsika.

Filimuyi imakusiya ukuganiza kuti kuchokera 1971 mpaka 1998 Rodriguez sanaonepo khamu la anthu likumuombera m'manja. Si zoona. Ku Australia nyimbo zake zinkagulidwa kwambiri, ndipo anapitako kukaimba mu 1979, n'kubwererako mu 1981 pomwe anaimba limodzi ndi gulu la Midnight Oil. Kunatuluka ngakhale chimbale cha nyimbo zomwe anaimba pa siteji kumeneko, dzina lake Alive. Dzinalo lokha likukuuzani kuti mphekesera za imfa zija anali atazimvapo kale. Zonsezi mufilimu mulibe ngakhale mawu amodzi. Komanso filimuyo isanatuluke mu 2012, kampani ya Light in the Attic inali itatulutsanso Cold Fact mu 2008 ndi chinzakecho mu 2009, ndipo mkuluyu anali akuyendayenda kuimba. Ndiye ukaona nkhope yake pa Velodrome paja, usamati munthu uyu sanaonepo zotere chibadwire.

Nangozo_Zomba

Aphunzitsi, koma inuyo ndiye mwathira mchenga mu ndiwo. Ndiye kuti anatinamiza?

Mphunzitsi_Wopuma

Bodza lenileni sananene, mwana wanga. Anangobisa. Koma kwathu kuno munthu akakugulitsa mbuzi osakuuza kuti imatsimphina, timati chiyani?

Kamera_ya_Area25

Aphunzitsi ndikupempha kutsutsana nanu pang'ono, mwaulemu. Ine ndimajambula maukwati ndi ma engagement, ndiye zodula kanema ndimazidziwako ngakhale ndili wamng'ono. Ukwati ndimajambula maola asanu ndi atatu, eni ake amalandira mphindi 90. Pomwe apongozi anakangana ndi a pelekanipelekani ndimachotsa. Kodi ndanama?

Dzina la filimuyi likunena za kufunafuna. Eni nkhani ndi anthu awiri aja a ku Cape Town ndi Johannesburg, ndi zimene iwo ankadziwa panthawiyo. Iwo za ku Australia sankazidziwa. Kumbukirani kuti dzikolo linali lotsekeka, TV yokha inayamba mu 1976, intaneti kunalibe. Munthu ankafufuza pomvetsera mawu a nyimbo, n'kumva dzina la Dearborn, tauni ya pafupi ndi Detroit, n'kukatsegula buku la mapu kuti aone kuti malowa ali kuti. Anaika nkhope yake pa chithunzi cha paketi ya mkaka monga amachitira ku America ndi ana osowa, mpaka mwana wake Eva anaiona pa intaneti mu 1997 n'kulemba kuti awa ndi bambo anga, ali moyo. Wopanga filimuyi, Malik Bendjelloul, anafuna kuti ife oonera tiyende mumdima womwewo anayendamo iwo. Agogo pokamba nthano sayamba n'kukuuza kuti kalulu apulumuka.

Ndiye muganizirenso mmene anaipangira. Ndalama zinamuthera filimu isanathe, zithunzi zina zomaliza anajambula ndi iPhone, pogwiritsa ntchito ka app kotsanzira makamera akale a 8mm. Filimu imeneyo n'kukatenga Oscar mu 2013. Ine ndikamadandaula kuti kamera yanga ndi yachikale ndimakumbukira zimenezi n'kukhala chete.

Mphunzitsi_Wopuma

Mwalankhula bwino, ndipo za luso lake sindikutsutsa. Koma nthano timadziwa tonse kuti ndi nthano, n'chifukwa chake timayankha kuti tilitonse. Iyi anatiuza kuti ndi mbiri ya munthu. Chiganizo chimodzi chokha kumapeto, chonena kuti ku Australia anapitako kawiri, chikanachotsa chiyani? Anachisiya chifukwa chikanachepetsa misozi yathu. Ine misozi yanga ndimafuna ituluke pa zoona zonse.

BassMan_Ndirande

Inu mukukangana za Australia, ine mutu wanga uli pa ndalama. Ndalama zinapita kuti?

Mufilimumo akuyerekeza kuti ku South Africa kokha zimbale zake zinagulidwa pafupifupi theka la miliyoni. Akuluakulu a makampani a kumeneko akuonekera pa kamera n'kunena kuti ma royalty ankatumiza ku America, ku Sussex Records, kampani yomwe inatulutsa zimbale zakezo. Sussex inatsekedwa mu 1975. Mwini wake, Clarence Avant, akumufunsa za Rodriguez maso akulengeza misozi, akumutamanda kuti anali mmodzi mwa oimba abwino kwambiri omwe anagwira nawo ntchito. Atangomufunsa za ndalama, nkhope inasintha pompo. Filimu nayo inangopotoloka n'kupita kwina, ngati munthu waponda pa minga. Apo ndi pomwe ine ndinkafuna akhalepo mphindi makumi awiri.

Ndikulankhula ndi mtima wowawa chifukwa zinandionekera. Tili anyamata tinajambula nyimbo khumi ndi gulu lathu la kwaya, ine ndikuliza bezi. Tinapereka masitala kwa mkulu wina wogulitsa makaseti m'tauni, anatipatsa ndalama kamodzi, tinagawana n'kugula nsapato. Patatha zaka ziwiri ndinakwera basi yopita ku Mwanza, dalaivala akuliza kaseti yathu, anthu akuimba nawo. Ine m'thumba munali ya basi yokhayo, ndipo kondakitala anandikalipira chifukwa inaperewera. Ndinangoti zii kumvetsera bezi yanga yomwe. Ndiye ndikamaona Rodriguez akuyenda pa chipale chofewa ku Detroit, chikhothi chakuda, akuterereka, ine sindiona munthu woyera mtima ayi. Ndimaona munthu amene anamudyera.

Nachisale_Leeds

Achimwene a ku Ndirande, mwanena zomwe ndimafuna kunena koma ndimaopa kugendedwa. Chimene chimandinyansa pa mmene anthu amakambira filimuyi n'chakuti amausandutsa umphawi kukhala chokongoletsera. Aliyense amati taonani kudzichepetsa, anamuika mu hotela yapamwamba koma anagona pa kampando osati pa bedi lalikulu. Taonani, ndalama za ma shoo anagawira abale ndi anzake. Taonani, anakhalabe m'nyumba yomwe ija anagula $50 pa okushoni ya boma. Chabwino, ndi khalidwe lake, ndikulilemekeza. Koma amene amakonda kwambiri mbali imeneyi ndi anthu oti sanagonepo ndi njala. Wosauka wosadandaula amasangalatsa, chifukwa sakufunsa kanthu.

Ine ndinamuona pa TV kuno akuimba pa chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury mu 2013. Anali ndi zaka 70, maso atavuta ndi glaucoma, pa siteji ankachita kumugwira dzanja. Mawu anali atatopa. Anthu anakondwa, inenso ndinakondwa, koma mumtima ndinkati zaka zija mawu anali amphamvu anazithera kusenza mafiliji akutha ndi kuphwasula zipupa. Zimenezo Oscar sangabweze. Ndimasamalira okalamba kuno, ndimadziwa mmene msana wa munthu amene wagwira ntchito zotere umaonekera.

Wapenti_ku_Parow

Achemwali a ku Leeds, ndakumvani, koma pali pena sindikugwirizana nanu. Ine ndine waganyu. Manja anga akuuma ndi thinala. Chimene chinandiliza sichinali kuti munthu wasauka mokongola ayi. Ndi chakuti mnzake wa kuntchito akufotokoza kuti Rodriguez ankatha kubwera kudzagumula nyumba atavala suti ya pa ukwati. Ntchito yomwe anthu amainyoza iye ankaipatsa ulemu. Ndipo munthu yemweyo anapita ku Wayne State University n'kutenga digiri ya filosofi mu 1981, anapikisana nawo pa umeya wa Detroit ngakhale sanapambane, ankatenga ana ake kupita nawo ku malaibulale ndi ku nyumba zosungira zinthu zakale. Munthu ameneyu sanakhale pansi kudikira kuti dziko limukumbukire. Anali ndi moyo wake wodzaza.

Kuno anthu amatiyang'ana ovolosi yokha. Sadziwa kuti uyu akukolopayu kwawo anali mphunzitsi, uyo wa m'dimbayo amaimba kwaya ya mawu anayi. Lolemba ndinapita kuntchito nditavala shati yoyera mkati mwa ovolosi, anzanga n'kumaseka kuti ukupita kukafunsira? Sindinawayankhe.

Nachisale_Leeds

Apo mwandigonjetsa pang'ono achimwene. Koma shati yoyerayo isakuiwalitseni kufunsa malipiro anu Lachisanu kkkk.

Sekuru_Phiri_Mbare

Ana inu mundilole ndilowepo, ndine wamkulu pano ndipo foni andilembera ndi mdzukulu. Ine ndinabadwira kuno ku Harare, nthawiyo Salisbury. Bambo anga anachokera ku Dedza, ankaphika m'nyumba ya azungu. Chimbale chimenechi ndinachimva kalekale, zaka za m'ma 1970, chifukwa kunonso chinafika. Ana a bwana ankachiliza m'chipinda atatseka chitseko, makamaka akabwera kutchuthi kuchokera ku usilikali. Ine ndinkachimvera pa zenera la kukhitchini ndikuthandiza bambo kusenda mbatata. Ndimaukumbukira bwino mtundu wa nyimbozo.

Koma tikabwerera ku lokeshoni madzulo, palibe amene ankadziwa Rodriguez. Ife tinkamvera Thomas Mapfumo, tinkamvera za ku Joni za Mahlathini ndi Mahotella Queens, ndi rumba ya ku Congo. Ndiye mdzukulu atandionetsa filimuyi n'kumva akunena kuti munthuyu anali wotchuka kuposa Elvis mu South Africa, ndinafunsa kuti South Africa yake iti? Tayang'anani bwino khamu la mu 1998 lija, muwerenge nkhope zakuda. Simutopa kuwerenga.

Sindikunyoza. Anyamata achizungu aja anali ndi ndende yawoyawo, ya tchalitchi, ya sukulu, ya usilikali wokakamiza, ndipo nyimbozi zinawatsegula m'maso kuti munthu ukhoza kukana. Oimba achi Afrikaans a Voëlvry, omwe ankaimba zotsutsa boma la tsankho, akunena okha mufilimumo kuti anatengerapo mtima. Zimenezo n'zabwino. Koma pomwe iwo ankabisa chimbale pansi pa bedi, Miriam Makeba anali atamulanda pasipoti kuyambira 1960, maliro a mayi ake omwe sanaike nawo. Hugh Masekela anali kunja. Ana a ku Soweto mu 1976 sanadikire munthu wa ku Detroit kuti awauze kuti zinthu sizili bwino. Filimu ikamakamba za tsankho iziyamba yaona kuti ikuima pabwalo la ndani.

Mphunzitsi_Wopuma

Akulu anzanga a ku Mbare, mwaponda pomwe ine ndinalephera kufika. Zikomo.

Kamera_ya_Area25

Agogo, apa sinditsutsa. Ndingowonjezera kuti pali kachigawo kamodzi kamene kamasonyeza bwino mmene boma lija linkaopera nyimbo. Mayi wina wa kosungira zimbale ku SABC, wailesi ya boma la South Africa, akutulutsa Cold Fact n'kuonetsa kuti nyimbo ya Sugar Man anaikanda dala ndi chinthu chakuthwa kuti singano isadutsepo, muulutsi asaiike ngakhale mwangozi. Chifukwa chake inkatchula mankhwala ozunguza bongo. Ganizani munthu wolembedwa ntchito, amalandira malipiro pa mwezi, ntchito yake kukanda mbale.

Mphunzitsi_Wopuma

Zimenezo ife a nthawi ya Kamuzu sizitidabwitsa. Kunonso kunali Censorship Board kuchokera 1968, wailesi inali imodzi yokha ya MBC, TV tinadzaiona mu 1999. Nyimbo ikaletsedwa ndiye pomwe aliyense ankaifuna. Wokanda mbale uja ankagwira ntchito yotsatsa malonda osadziwa.

Mtsikana_wa_Chilomoni

Pepani ndilowerere, ine ndine wa ma 2000 ndiye mundikhululukire. Ndamvera zimbale zonse ziwiri pa foni chifukwa cha ulusi uno, bandulo yanga yathera pomwepa. Funso langa: kodi tikanapanda kudziwa nkhani yakeyi, nyimbozi tikanazikonda? Chifukwa zina ndi zokoma zedi, Crucify Your Mind ndaibwereza kasanu. Koma zina ndi wamba, ndipo ma violin a mu chimbale chachiwiri achuluka ngati shuga mu tiyi wa alendo. Opanga zimbale aja mufilimu akumuyerekeza ndi Bob Dylan, ine ndikuona ngati akukokomeza chifukwa chikumbumtima chikuwavuta.

BassMan_Ndirande

Mlongo, khutu lako lili bwino, za ma violin ndikuvomera. Chachiwiricho anakajambulira ku London ndi Steve Rowland, n'chifukwa chake chikumveka chosalala kwambiri. Koma Cold Fact usaiderere. Anaipanga Dennis Coffey ndi Mike Theodore, ndipo Coffey ndi munthu amene ankaliza gitala mu nyimbo za Motown. Tamvetsera bezi ya mu I Wonder ndi mahedifoni, imayenda yokha ngati munthu akutsika masitepe akusewera. Ine ndinaiphunzira usiku umodzi koma kuti imveke chimodzimodzi zinanditengera mwezi.

Ndipo yankho la funso lako lilipo kale. Anthu a ku Joni anazikonda zaka zoposa 25 asakudziwa nkhani iliyonse, ngakhale dzina lake lenileni linkawasokoneza, chifukwa pa mbalepo olemba nyimbo analembapo Jesus Rodriguez ndi Sixth Prince. Analibe nkhope yoti aziikonda kupatula chithunzi cha munthu wa chipewa ndi magalasi akuda atakhala chopinda miyendo. Nyimbo zinayenda zokha. Nas, woimba rap wa ku America, nayenso anatapako Sugar Man mu 2001, filimu kulibe.

Mtsikana_wa_Chilomoni

Chabwino amalume, ndabweza theka la mawu anga. Theka linalo ndasunga.

Nangozo_Zomba

Ine Cause ndi imene sindingathe kuimvera ndili ndekha. Munthu kuimba za kuchotsedwa ntchito kutatsala masabata awiri kuti ifike Khirisimasi, kenako kampani n'kudzamuchotsadi nthawi ngati yomweyo. Rowland akuiliza mufilimumo n'kungogwira mutu.

Koma mukudziwa kuti wopanga filimuyi anamwalira? Malik Bendjelloul anadzipha mu May 2014, ali ndi zaka 36 zokha, patangotha chaka ndi miyezi yochepa chilandirire Oscar. Abale ake ananena kuti ankavutika ndi matenda a nkhawa. Ndikaganiza kuti filimu yonse ikutsutsa mphekesera yoti munthu anadzipha, ndimasowa chonena.

Nachisale_Leeds

Mzimu wake uuse mumtendere. Ndipo amene mukuwerenga mwakachetechete muli ndi zolemetsa mumtima, chonde uzani wina, kaya m'bale kaya a chipatala. Osasenza nokha.

Mphunzitsi_Wopuma

Zoona. Ndipo pa zonse ndamudzudzula mnyamatayu, ndinene kuti Rodriguez mwini wake sanapite ku mwambo wa Oscar, ankafuna kuti ulemu upite kwa opanga filimu. Anamwalira pa 8 August 2023 ali ndi zaka 81. Clarence Avant anamutsatira patangopita masiku asanu, pa 13 August.

BassMan_Ndirande

Masiku asanu? Ndiye nkhani ya ma royalty akaimalizira komweko.

Nangozo_Zomba

Achimwene inu muopeni Mulungu kkkkk.

Mtsikana_wa_Chilomoni

Koma nkhaniyi sikufanana ndi ya agogo Giddes Chalamanda? Linny Hoo inavinidwa pa TikTok dziko lonse, anthu a mayiko oti sadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti, eni ake ali phee kumudzi.

Mphunzitsi_Wopuma

Ikufanana mbali imodzi, ya kutchuka kutali iwe osadziwa, thumba lili mbee. Koma kusiyana kwake n'kumene kumandichititsa manyazi. Rodriguez kwawo sankamudziwa, ndiye a ku America akhoza kunena kuti sitinamve. Ife a Giddes tinkawadziwa tonse. Anabadwa mu 1930, ine ndakula ndikuwamva pa wailesi, takhala tikuwaona akuimba ndi gitala wawo m'malo omwera, anthu n'kumawaponyera timakobidi. Mu nyimbo yawo ya Buffalo Soldier ankalakalaka kukaona America, ndipo anakafikako mu 2016 ali ndi zaka za m'ma 80. Zinatengera Patience Namadingo kukhala nawo pansi mu 2020 kuti achinyamata atembenuke. Sitinafunike kufufuza pa mapu. Msewu wa ku Chiradzulu tonse timaudziwa.

BassMan_Ndirande

Ndipo mwayi a Giddes zinawapeza ali moyo. Alan Namoko anapita mu 1995.

Kamera_ya_Area25

Aphunzitsi mwandibaya. Kamera ndili nayo, ndimangojambula makeke.

Sekuru_Phiri_Mbare

Mwana wanga wa kamera, ukapita kukajambula okalambawo usakachite zomwe akudandaula aphunzitsi. Ukawafunse zonse, ndi zosakoma zomwe. Ndipo ukawafunse kuti anawalipira zingati. Bambo anga anali ndi bangwe anabwera nayo kuchokera ku Dedza, ankaimba Lamulungu masana kuseri kwa nyumba ya antchito. Palibe anawajambula. Nyimbo zake ndatsala nazo ziwiri m'mutu, mawu ena ndayamba kuiwala.

Nachisale_Leeds

Agogo, mdzukulu wanuyo akujambuleni pa foni lero lomwe mukuimba ziwirizo. Musadikire Lamulungu.

Wapenti_ku_Parow

Abale ndabwerako, ndinakabweza DVD ija lero pomalizitsa mawindo. Ndinamuuza mkulu uja zonse mwakamba pano, za Australia, za ndalama, ndi funso la agogo a ku Mbare. Za Australia anaseka n'kunena kuti anazimva pambuyo pake ndipo sizimusuntha. Ndiye analowa m'nyumba n'kutuluka ndi tikiti yakale yachikasu, anaisunga mkati mwa chikuto cha mbale. Anali momwemo mu Velodrome usiku umenewo. Akuti mpaka munthuyo atatulukira pa siteji, iye ankaganizabe kuti awabweretsera wonamizira.

Nditamufunsa kuti anthu akuda analipo angati, anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza tikiti ija m'manja. Kenako anati sakukumbuka, chifukwa masiku amenewo sankayang'ana. Sanadziteteze, ndipo ine sindinapitirize.

Ndiye anandifunsa kuti nanga bambo ako ankamvera chiyani? Ndinatulutsa foni, zala zili penti yokhayokha, n'kumuikira Lameki ya Alan Namoko ndi Chimvu Jazz. Ndinamuuza kuti woimbayu anali wosaona, wa ku Thyolo, banjo yake ndi ng'oma zopanga okha. Anamvetsera yonse ataima pakhonde, n'kuti ndiibwereze. Kenako akuti akufuna agule chimbale chenicheni, chogwirika ndi manja, osati za pa YouTube, ndipo ndalama ifike kwa abale ake a woimbayo. Ine kukamwa kunangoti gwa. Ndinamulonjeza kuti ndifunsa pagulu. Ndiye ndafunsa.

Mphunzitsi_Wopuma

Kunja kunatulukapo CD yake yotchedwa Ana Osiidwa. Muuzeni ayambire pamenepo, afunse m'masitolo a mbale zakale konko, ngakhale ku Mabu Vinyl kwa a Segerman omwewo. Zingakhale zoseketsa atamupezera iwo.

Nangozo_Zomba

Kwa amayi ku Bvumbwe kuli kaseti yake mu sutikesi ya malemu bambo, pamodzi ndi makadi a chipani ndi malisiti a feteleza. Ndipitako kumapeto kwa mwezi. Koma wailesi ya kaseti inafa kalekale, ndani ali nayo yoti ikuzungulabe?

BassMan_Ndirande

Yanga ilipo koma imadya tepi. Mubwere ndi bolopeni yokulungira.